Njala, Chuma ndi Imfa pa Tebulo la Adatchi

Mumzinda wa Dresden, ku Germany, muli chithunzi chimene mmisiri wa Chidatchi, Willem Claesz Heda, adajambula ndi penti m'chaka cha 1631. Pachithunzipo palibe munthu. Pali tebulo loyalidwa nsalu, ndipo patebulopo pali payi wa mabulosi akuda, chakudya chija amaphika atakutira zipatso kapena nyama mu ufa wa tirigu. Payiyo wina wamuyamba kale, supuni ili pomwepo. Pambali pali tambula ya vinyo yomwedwa theka, chikho chasiliva chogwa chammbali, tambula ina yosweka, ndi kawotchi ka m'thumba kotsekula. Mwini chakudyacho sakuoneka. Sitiuzidwa ngati waitanidwa panja, wakhuta, kapena kwamugwera zina. Chimene chatsala ndi zii wa m'nyumba imene munthu wangotulukamo kumene.

Zithunzi zotere zidajambulidwa zambirimbiri ku Netherlands m'zaka za m'ma 1600, ndipo eni ake adazitcha stilleven, kutanthauza zinthu zongokhala duu, zosayenda. Munthu wozipenya koyamba angafunse kuti kodi anthu anzeru zawo ankatayiranji nthawi ndi penti wodula pojambula nsomba, buledi ndi mandimu, m'malo mojambula mafumu ndi ngwazi zankhondo. Funso limeneli ndi limene ndikufuna kulilondola. Maganizo anga ndi akuti matebulo amenewa ndi mbiri ya mtundu wa anthu umene udatuluka m'njala n'kulowa m'chuma mofulumira, ndipo chumacho chidaudzetsera mantha. Zithunzizi zimachenjeza wakudya za imfa yake ndi za mzimu wake, ndipo zimatero moona mtima. Komatu pali nkhani ina imene zidaisunga kukhosi, nkhani ya anthu amene thukuta ndi magazi awo zidafikitsa zakudyazo patebulo.

Tiyambire panjala. M'zaka za m'ma 1500, madera amene lero ndi Netherlands ndi Belgium adali m'manja mwa mfumu ya ku Spain, Philip wachiwiri, Mkatolika wosagwedezeka. Koma chiphunzitso cha John Calvin chidali chitafalikira m'matauni ambiri, ndipo mu 1566 magulu a anthu adalowa m'matchalitchi n'kuphwanya ziboliboli ndi zithunzi za oyera mtima, ponena kuti kumeneko kudali kupembedza mafano. Mfumu idatumiza asilikali, ndipo mu 1568 idabuka nkhondo imene idatha zaka 80, mpaka pangano la mtendere la ku Münster la mu 1648. Nkhondo ya masiku amenewo idali yozinga mizinda. Asilikali a Spain adazinga Haarlem kuyambira Disembala 1572 mpaka Julaye 1573, ndipo chimene chidagonjetsa mzindawo ndi njala. Kenaka adazinganso Leiden. Anthu zikwizikwi adafa ndi njala ndi matenda, kufikira pamene Adatchi anzawo adagumula makoma otchinga madzi, minda n'kusefukira, iwo n'kufika pamabwato pa 3 Okutobala 1574. Chakudya chimene adabweretsera anthu olefukawo chidali buledi woyera ndi haring, nsomba ya m'nyanja yamchere yokulirapo kuposa usipa. Mpaka lero anthu a ku Leiden amadya buledi ndi haring pa 3 Okutobala pokumbukira tsikulo.

Heda adabadwira ku Haarlem komweko cha m'ma 1594, patangopita zaka ngati 20 chizingidwire mzindawo. Ndiye kuti iye ndi anthu amene ankagula zithunzi zake adakula akumva za njalayo kuchokera kwa makolo ndi agogo amene adaiona ndi maso. Munthu amene adagonapo ndi njala sapenya nkhokwe yodzaza ngati chinthu wamba, ndipo ana ake amayamwira mantha omwewo. N'chifukwa chake ndimati tikaona buledi ndi nsomba pachithunzi cha Mdatchi wa nthawi imeneyo, tisafulumire kunena kuti n'chakudya cha amphawi chabe. Kwa iwo chidalinso chakudya cha chipulumutso.

Nkhondoyo idasinthanso ntchito ya amisiri ojambula. Kale bwana wawo wamkulu adali mpingo, umene unkafuna zithunzi za paguwa ndi za pamakoma. Koma m'madera a kumpoto, amene adayamba kudzilamulira okha, matchalitchi akuluakulu adatengedwa ndi otsatira Calvin, makoma n'kupakidwa laimu. Mpingo umenewu si wachilendo kwa ife. Nthambi yake idafika ku Cape pamodzi ndi Adatchi, ndipo kuchokera kumeneko A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adadzatsekula mishoni ya Mvera mu 1889. Amene adapempherapo m'tchalitchi cha Sinodi ya Nkhoma akuwadziwa makoma opanda zithunzi amene ndikunenawa. Tsono wojambula atataya msika wa kutchalitchi, adatembenukira kwa amalonda. Mu 1585 mzinda wa Antwerp, chimake cha malonda, udagwa m'manja mwa Spain, ndipo amalonda, oluka nsalu ndi amisiri zikwizikwi adathawira kumpoto, ku Amsterdam, Haarlem, Leiden ndi Middelburg, atanyamula ndalama ndi luso lawo. Zithunzi zidayamba kugulitsidwa pamsika ngati katundu wina aliyense. Mngelezi wina woyendayenda, Peter Mundy, adafika ku Amsterdam mu 1640 n'kudabwa kuona kuti ngakhale ogulitsa nyama, ophika buledi ndi osula zitsulo adali ndi zithunzi m'nyumba ndi m'mashopu mwawo.

Mbewu ya zithunzi za chakudya idafesedwa ku Antwerp komweko nkhondo isadayambe. Mu 1551 Pieter Aertsen adajambula butchala yodzaza nyama: mutu wa ng'ombe wosenda, miyendo ya nkhumba, masoseji, nkhuku, ndi nsomba ziwiri zopingasana ngati mtanda. Ukayang'anitsitsa kuseri kwa nyamazo, patali, umaona tianthu ting'onoting'ono. Maria ali pabulu, akuthawira ku Igupto ndi Yesu wakhanda, ndipo akugawira wopemphetsa kochepa kamene ali nako. Aertsen adatembenuza dongosolo lakale. Zamimba adaziika patsogolo, zamzimu kumbuyo, ngati akufunsa wopenyayo kuti maso ake ayamba kugwera pati. Amisiri obwera pambuyo pake adachotsa Maria ndi bulu uja n'kusiya chakudya chokha, koma funso lija lidatsalira pachithunzi.

Matebulo oyamba, a cha m'ma 1610, ndi a anthu okondwa ndi zokolola zawo. Floris van Dyck wa ku Haarlem ankajambula tebulo monga momwe umalionera uli chiimire: nsalu yoyera yosita bwino, tchizi ziwiri kapena zitatu zosanjikiza, maapozi, mphesa, mtedza, chilichonse pamalo pake, mitundu yowala. Tchizi idali kunyada kwa dziko, chuma cha ng'ombe zodya msipu wa m'minda imene Adatchi ankaipeza poumitsa madambo ndi nyanja. Nyanja ya Beemster, mwachitsanzo, idaumitsidwa mu 1612 ndi makina oyendera mphepo. Ku Antwerp kudali mayi wina waluso, Clara Peeters, amene cha m'ma 1615 adajambula tchizi zosanjikiza, pamwamba pake mbale ya batala. Dzina lake adalilemba pampeni wasiliva, ndipo pachivundikiro chachitsulo cha jagi adajambulapo kankhope kake ngati ka pagalasi. Mu 2016 nyumba ya zithunzi ya Prado ku Madrid idamukonzera chionetsero chakechake, choyamba cha wojambula wamkazi chikhazikitsireni nyumbayo. Koma ngakhale pachimwemwe chimenechi pali mbola. Adatchi ali ndi mwambi wonena kuti kusanjikiza za mkaka pamwamba pa za mkaka zinzake n'kudyetsa mdyerekezi, ndiye kuti batala pa tchizi n'kusakaza. Tebulo lomwelo linkanyaditsa mwini wake, n'kumutsinanso khutu.

Pofika zaka za m'ma 1630, ku Haarlem mtima wa zithunzi udasintha. Heda ndi mmisiri mnzake Pieter Claesz, amene adachokera ku Berchem pafupi ndi Antwerp, adachepetsa zinthu patebulo, adachepetsanso mitundu. Kudatsala utoto wotuwa, wofiirira ndi wobiriwira mozimiririka, ndi kuwala kolowera pazenera limodzi losaoneka. Mu 1636 Claesz adajambula kachithunzi kamene kali ku Rotterdam: tambula ya mowa, haring yodulidwadulidwa pambale, kabuledi kamodzi ndi mpeni, basi. N'chithunzi chabata, cha munthu wokhutira ndi zochepa, ndipo mbusa aliyense akadachivomereza. Komabe kadzutsa wodzichepetsayu adayenda ulendo wautali. Haring inkagwidwa ku North Sea, n'kutumbulidwa ndi kuthiridwa mchere m'migolo zombo zili pamadzi pomwepo. Mcherewo unkachokera ku France ndi ku Setúbal ku Portugal, ndipo mfumu ya Spain itawatsekera madoko, Adatchi adakautapa ku Punta de Araya, m'dziko limene lero ndi Venezuela. Mbewu zophikira buledi zinkabwera kuchokera ku Poland kudzera padoko la Danzig. Choncho ngakhale tebulo la munthu wosafuna zambiri lidali tebulo la dziko lamalonda.

Tsono tibwere ku zizindikiro. Adatchi a nthawi imeneyo ankakonda zining'a. Mabuku a tizithunzi tokhala ndi mwambi pambali pake, monga Sinnepoppen la Roemer Visscher la mu 1614 ndi mabuku a Jacob Cats, ankawerengedwa m'makomo ambiri, ndipo adazoloweretsa anthu kufunafuna phunziro m'zinthu za tsiku ndi tsiku. Wotchi patebulo inkakumbutsa kuti nthawi ikutha, komanso kuti wakudya adziwe polekezera. Tambula yosweka kapena chikho chogwa zinkanena kuti moyo suchedwa kutayika. Nkhono za m'nyanja zija amati oyster zinkadziwika ngati chakudya choutsa chilakolako cha thupi. Buledi ndi vinyo zikakhala pamodzi, Mkhristu sakadalephera kukumbukira Mgonero wa Ambuye. Ntchentche pachipatso, kapena kachibowo ka mbozi, zinkalosera kuvunda. Ndiye pali ndimu, mfumu ya zithunzi zimenezi, losendedwa theka, khungu lake likulendewera mopotana m'mphepete mwa tebulo. N'lokongola ngati golide, koma ukalilawa umakwinya nkhope. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amisiri ena sadafune kuzungulira. Adangoika chigaza cha munthu patebulo, pambali pa nyali yozima ndi mabuku akutha. Zithunzi zimenezi zimatchedwa vanitas, liwu la Chilatini lotengedwa m'buku la Mlaliki, limene limaphunzitsa za kupanda pake kwa zinthu zapansi pano. Zidafala kwambiri ku Leiden, mzinda wa yunivesite imene idakhazikitsidwa mu 1575, ndipo Claesz nayenso adajambula chake mu 1630. Mantha amenewa sadali ongopeka. Mliri wa makoswe unkabwera mobwerezabwereza. Udakantha Leiden koopsa mu 1635, ndipo mu 1664 ku Amsterdam kudafa anthu oposa 24,000 m'chaka chimodzi chokha. Wamalonda wolemera ankadziwanso kuti chuma chake chili pamadzi, ndipo namondwe mmodzi kapena achifwamba a panyanja akadatha kumusandutsa wopemphetsa usiku umodzi. Chuma ndi mchira wa khoswe, suchedwa kupululuka. Chakudya chidali chida chabwino chophunzitsira zimenezi, chifukwa palibe chuma china chimene chimaonongeka msanga ngati icho.

Si akatswiri onse amene amavomereza kawerengedwe kameneka. Eddy de Jongh, amene adatsogolera chionetsero chotchuka ku Rijksmuseum, nyumba yaikulu ya zithunzi ya ku Amsterdam, mu 1976, adaonetsa kuti zithunzi zambiri za Adatchi zili ndi phunziro lobisika. Svetlana Alpers, m'buku lake la mu 1983 lotchedwa The Art of Describing, adayankha kuti chidwi chachikulu cha Adatchi chidali pa kupenya ndi kufotokoza zinthu monga momwe zilili. Paja amenewa adali anthu ojambula mapu ndi opera magalasi oonera zakutali ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikatsata maganizo amenewa, khungu la ndimu lija ndi mpikisano wa luso, mmisiri akuonetsa kuti angathe kusiyanitsa kukhakhala kwa khungu, kuyera kwa m'kati ndi kunyezimira kwa madzi ake. N'zoonanso kuti ndimu linkafinyiridwa pa oyster, kotero kupezeka kwake pamenepo kungakhale nkhani ya kukhitchini chabe. Simon Schama, m'buku lake la mu 1987, The Embarrassment of Riches, adafotokoza Adatchi ngati anthu okokedwa uku ndi uku, okonda chuma chawo koma ochita nacho manyazi.

Ine ndimaona kuti akatswiriwa agwira nyama imodzi, wina mwendo, wina mchira. Sindikhulupirira kuti wogula ankaima patsogolo pa chithunzi n'kumamasulira chinthu chimodzichimodzi ngati mwana wasukulu woloweza. Chimene chimagwira mtima ndi kaikidwe ka zinthu. Taonani chithunzi china cha Heda cha mu 1635, chimene chili ku Rijksmuseum. Mbale zatulukira kunja kwa tebulo, moti umalakalaka kutambasula dzanja kuti uziwakhe. Nsalu yoyera yakwinyika n'kukokedwera mbali imodzi. Chikho chasiliva chagona, tambula nayonso yagona. Chilichonse n'chodula, ndipo chilichonse chili pafupi kugwa. Zimenezi sizilira womasulira, thupi lenilenili limamva lokha. Palinso chododometsa china: penti waimitsa nthawi. Buledi amene adajambulidwa mu 1635 sadachite nkhungu mpaka lero, pomwe womuphika, womujambula ndi womugula adasanduka dothi kalekale. Chithunzi cholalikira kuti zonse zimatha chimadzitamanso kuti icho sichitha. Wamalonda ankagula ulaliki ndi chokongoletsera khoma pamtengo umodzi.

Zaka zikupita, tebulo lidalemera. Mu 1602 idakhazikitsidwa kampani ya VOC, imene boma lidaipatsa mphamvu zoti pa Adatchi onse ikhale yokhayo yochita malonda ku Asia, komanso zomanga malinga, kulemba asilikali ndi kuchita nkhondo. Mu 1603 Jacob van Heemskerck adalanda chombo cha Apwitikizi chotchedwa Santa Catarina pafupi ndi Singapore, ndipo katundu wake, kuphatikizapo silika ndi mbale zadothi za ku China, adagulitsidwa pa okushoni ku Amsterdam. Mbale zoyera za maluwa abuluu zija zidalowa m'makomo a olemera, kenaka m'zithunzi. Claesz yemwe uja wa haring adali atajambula kale, mu 1627, phwando la payi wa nkhukundembo, mbalame yochokera ku America, mutu ndi mapiko ake zitaimikidwa pamwamba. Pambali pali mbale ya ku China, chikho cha chigoba cha nkhono ya nautilus ya kunyanja zakum'mawa, maolivi ndi ndimu za kumaiko ofunda a kummwera kwa Ulaya, ndi tsabola wakuda wa ku Asia wothiridwa m'kapepala kopinda, kong'ambidwa m'buku la kalendala. Makontinenti atatu adakumana patebulo limodzi.

Jan Davidsz de Heem, amene adasamuka ku Leiden n'kukakhala ku Antwerp, mu 1640 adajambula chithunzi cha mamita awiri m'litali chimene chili ku Louvre, ku Paris. Zipatso zikusefukira m'mbale, pali payi, ziwiya zonyezimira, ndi chida choimbira chazingwe chotsamira tebulo. Apa manyazi aja atha. Willem Kalf, atakhazikika ku Amsterdam mu 1653, adabwezeretsa bata koma mwa njira ina. Zinthu zake n'zochepa, koma chilichonse n'chamtengo wapatali, ndipo zimatulukira mumdima wandiweyani ngati makala amoto usiku. Pachithunzi chake cha mu 1662, chimene chili ku Madrid, pali mbale ya ku China yosungiramo shuga, chikho cha nautilus, kapeti ya ku Persia ndi ndimu losenda lija. Chakudya chenicheni chatsala pang'ono kutheratu. Munthu wanjala sangakhute patebulo la Kalf, chifukwa n'tebulo loonetsa alendo.

Ife amene timagwira ntchito m'maofesi a boma timadziwa kuti lipoti limadziwika ndi zimene lalemba komanso ndi zimene ladumpha. Tiyeni tsono tiwerenge zimene matebulo awa adadumpha. Julie Berger Hochstrasser, m'buku lake la mu 2007, Still Life and Trade in the Dutch Golden Age, adalondola katundu wa m'zithunzizi mpaka kumene ankachokera, ndipo njira yake ndi imene ndikutsata pano. Payi wa olemera ankakometsedwa ndi zonunkhira za ku Asia, monga sinamoni ndi nutmeg. Masiku amenewo nutmeg yamalonda inkachokera pa tizilumba ta Banda, m'dziko limene lero ndi Indonesia. Anthu akumeneko atakana kugulitsa kwa VOC yokha, bwanamkubwa Jan Pieterszoon Coen adafika ndi asilikali mu 1621. Mwa anthu pafupifupi 15,000, ambiri adaphedwa, adafa ndi njala m'mapiri momwe adathawira, adasamuka, kapena adagwidwa ukapolo, ndipo minda yawo idagawidwa kwa atsamunda kuti izilimidwa ndi akapolo. Taonani zaka zake. Chithunzi cha nkhukundembo chija chidajambulidwa patangopita zaka 6. Ana a mtundu umene udazingidwa ndi njala ku Haarlem ndi ku Leiden adali ataphunzira kuzinga anzawo ndi njala yomweyo.

Shuga wa m'mbale ya Kalf alinso ndi mbiri yake. Mu 1621 idakhazikitsidwa kampani ina, ya West India, ndipo mu 1630 idalanda chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, kumene kudali minda ya nzimbe, n'kuchisunga mpaka 1654. Nzimbe zimalira manja ambiri, choncho mu 1637 Adatchi adalanda linga la Elmina, ku Ghana wa lero, ndipo kuyambira 1641 mpaka 1648 adagwiranso Luanda. Shuga ankayeretsedwa m'mafakitale a ku Amsterdam. Powerengera zaka zonse za malonda amenewa, zombo za Adatchi zidaolotsa nyanja ya Atlantic Aafirika pafupifupi 600,000. Kummwera kwathu kuno, Jan van Riebeeck adatumizidwa ku Cape mu 1652 kuti akalime dimba la ndiwo zamasamba zodyetsa zombo za VOC. Kuchokera padimba limenelo Akhoikhoi adayamba kutaya mabusa awo, mu 1658 zidafika zombo zoyamba zodzaza akapolo, ndipo m'zaka zotsatira ambiri adatengedwa ku Madagascar ndi ku Mozambique. Nthawi zina munthu wakuda amaonekera m'zithunzi za chakudyazi, monga m'za Jurriaen van Streeck. Wavekedwa bwino, wanyamula mbale, alibe dzina, ndipo waikidwa pakati pa ziwiya ngati chimodzi mwa izo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Chikumbumtima cha m'zithunzi izi n'chenicheni, koma n'chopapatiza. Wotchi, chigaza ndi tambula yosweka zimauza wakudya kuti adzafa, kuti asadye mopyola muyeso, kuti asamale mzimu wake. Sindipezamo chizindikiro chimene chimamufunsa kuti chimene akudyacho wachitenga kwa yani. Tchimo loopedwa ndi dyera, pomwe kulanda sikukutchulidwa. Paja Aertsen adali ataika Maria akugawira wopemphetsa, ndiye kuti pachiyambi mnansi adalimo m'chithunzi, ngakhale patali. Otsatira ake atachotsa anthu, mnansi adapita nawo limodzi, n'kutsala munthu, mimba yake ndi Mulungu wake. Ena angati si bwino kuyesa anthu akale ndi muyeso wa lero, komanso kuti mmisiri wa ku Haarlem sakadadziwa zonse zochitika ku Banda. Mfundo imeneyi ndi yomveka, ndipo sindikuzenga mlandu Heda kapena Kalf ngati kuti ndiwo adagwira lupanga. Komabe muyesowo si wa lero lokha. Mu 1679 mbusa wina wa ku Hoorn, Jacobus Hondius, adaika malonda a akapolo pamndandanda wake wa machimo a anthu a m'dzikomo. Odziwa adalipo, kungoti mawu awo sadali a pakhoma la m'chipinda chodyeramo.

Chenjezo la zithunzi lija lidapherezera mu 1672, chaka chimene Adatchi amachitcha cha tsoka. France, England ndi mabishopu a Münster ndi Cologne adaukira dzikolo nthawi imodzi. Adatchi adatsekuliranso madzi m'minda yawo kuti atchinge adani, ndipo gulu la anthu olusa lidapha mtsogoleri wa dziko, Johan de Witt, pamodzi ndi mbale wake Cornelis ku The Hague. Msika wa zithunzi udagwa. Johannes Vermeer wa ku Delft, amene adajambula mayi wantchito akuthira mkaka pambali pa dengu la buledi, adamwalira mu 1675 atamira m'ngongole, ndipo mkazi wake adapereka zithunzi ziwiri kwa wophika buledi ngati chikole cha ngongole ya buledi yoposa magilda 600. Munthu amene adajambula buledi mokongola chotero adasiya ana akudya buledi wangongole.

Chakumapeto kwa zaka zimenezi kudatuluka mmisiri wina wa dera la Middelburg, Adriaen Coorte, amene zithunzi zake zambiri n'zazing'ono ngati tsamba la kope. Mu 1697 adajambula mtolo umodzi wa katsitsumzukwa woyera, womangidwa ndi kachingwe, uli pamphepete mwa mwala, kumbuyo kuli bii. Palibe golide, palibe chigaza, palibe mbale ya ku China. Dzina lake lidaiwalika kwa zaka ngati 200, mpaka akatswiri a m'ma 1900 adalifukula. Kwa ine chimenechi ndiye chithunzi chamtendere pa zonse, mwina chifukwa ndiwo zimenezo zidamera m'nthaka yakwawo, ndipo wopenya angathe kuzisirira popanda kufunsa kuti kwafa ndani.

Funso lodumphidwa lija lidachedwa, koma lidafika. Mu 2019 nyumba yosungiramo mbiri ya Amsterdam Museum idasiya kutchula zaka za m'ma 1600 kuti nyengo yagolide, ponena kuti dzinalo limakwirira umphawi, nkhondo ndi ukapolo. Mu 2021 Rijksmuseum idachititsa chionetsero cha mbiri ya ukapolo. Pa 19 Disembala 2022 Mark Rutte, amene panthawiyo adali nduna yaikulu, adapepesa m'malo mwa boma, ndipo pa 1 Julaye 2023 Mfumu Willem-Alexander idapepesanso, patatha zaka 160 chithetsereni ukapolo m'malamulo a ku Suriname ndi kuzilumba za Adatchi za ku Caribbean mu 1863.

Zonsezi sizichotsa kukongola kwa zithunzi zimenezi, ndipo sindingalangize munthu kuti aleke kuzisirira. Ndikungoti tizizipenya ndi maso onse awiri. Chakudya chili ndi mafunso awiri: loyamba n'loti chikhalitsa mpaka liti, lachiwiri n'loti wachilipira ndani. Amisiri a Chidatchi adajambula loyambalo mwaluso limene ochepa adalifikapo, ndipo lachiwiri adasiyira ife. Kapepala ka tsabola ka Claesz kadang'ambidwa m'buku la kalendala, ndipo ofuna zizindikiro amati kakukumbutsa kuti masiku amatha. Zimenezo n'zoona. Koma tsabola ali m'katimo ali ndi kwawo, ndipo kwawoko kudali anthu.